Uthenga wa Esinati umene seva inakana kuiwala

Lamulungu lapitali, titangotuluka m'mapemphero ku Lucan, kuno ku Dublin, mayi wina anandigwira mkono pakhomo la holo n'kundifunsa ngati munthu womwalira angathe kulemba uthenga pa kompyuta.

Ndinaseka. Inu simukanaseka? Kunja kunkawaza kamvula kathu kosatha kaja, ana akuthamangitsana m'Chingerezi pakati pa magalimoto, ine maganizo ali pa basi. Koma mayiyo sanaseke, ndipo mkono wanga sanausiye.

Dzina lawo ndi a Loveness, kwawo ku Ntcheu. Anafika kuno ine ndisanabwere, kudzera njira ya othawa kwawo, ndipo pano amasamalira okalamba m'nyumba zawo kuzungulira Tallaght. Si mayi wamantha ayi. Munthu amene wakhalapo pambali pa nkhalamba zikutsirizika, n'kuzitseka maso achibale asanafike, saopa mphaka wolira padenga. Koma tsiku limenelo maso awo anali atalowa m'kati.

"Achimwene," anatero, "paja ma computer a ku agency kwathu mumapanga ndinu?"

Ndinavomera, monyadira pang'ono. Kampani yaing'ono imene ndimagwirako ntchito ndiyo imayang'anira tsamba la pa intaneti limene antchito a bungwe lawo amaonapo ndondomeko ya ntchito: lero upita kwa yani, nthawi yanji, mawa kwa yani. Iwo amangoti rota.

"Ndiye rota yanuyo ikumandibweretsera Esinati."

Kuseka kunathera pomwepo.

Esinati tonse tinkamudziwa. Anali mnzawo wa ponda apa nane m'pondepo, bungwe limodzi, basi imodzi, mpando umodzi kutchalitchi. Anamwalira m'nyengo yozizira yapitayi atangodwala masiku ochepa, ndipo thupi lake tinalitumiza kumudzi. Papita miyezi isanu ndi umodzi.

Nkhani yake ili chonchi. Pamwamba pa rota pali kabokosi koti wantchito asiyire mnzake uthenga. Palibe amene amakagwiritsa ntchito, poti masiku ano aliyense ali ndi foni m'thumba. Koma masiku ena, osati onse, a Loveness akatsegula rota amapeza m'kabokosimo muli mawu awa:

Ndinabwera koma sindinakupeze. Ndibweranso. Esinati.

"Monday ulipo," anatero akuwerenga zala. "Tuesday kulibe, Wednesday kulibe, Friday wabweranso. Ku office akuti account yake anaifufuta kalekale. Ndiye akulembayo ndani?"

Anali atatha masabata awiri osatsegula rota. Ankangoyendera za m'mutu, ndipo anali atasemphana kale ndi ntchito kawiri. Tsiku lina agogo ena anadikira pabedi mpaka masana, wowadzutsa osabwera. Bwana wawo anali atawapatsa chenjezo lomaliza: akadzajombanso kamodzi, ntchito yatha. Ndipo ntchito imeneyi ndiyo mtengo umene iwo ndi ana awo awiri atsamira.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanawauzire abwanawo.

"Ndikamuuze mzungu kuti ndikuopa mzimu wa pa internet? Anditumiza kwa dokotala wa mutu, kenako ma client onse andilanda."

Lolemba m'mawa ndinafika ku ofesi kwathu, m'kanyumba ka pakati pa mafakitale kufupi ndi kumene sitima ya mumzinda yotchedwa Luas imathera, ndili ndi chikhulupiriro choti mayiwa atopa basi. Ndinalowa pa tsambalo ndi dzina lathu loyesera. Kabokosi kanali kopanda kanthu. Ndinadinanso kuti tsamba libwere mwatsopano. Mopanda kanthu. Kachitatu, kachinayi, chimodzimodzi. Ndinayamba kukonza m'mutu mawu aulemu oti ndikawauze kuti apume masiku angapo.

Kachisanu ndi chiwiri, Esinati anabwera.

Inali nthawi ya teni koloko, dzuwa likulowa pazenera, mnzanga wa pa desiki loyandikana akutafuna buledi. Ndinalowa m'nkhokwe imene timasungamo zonse za tsambalo, n'kufufuza dzina la Esinati. Mulibe. Ndinafufuza mawu oti sindinakupeze m'mafayilo onse a pa makinawo, limodzilimodzi. Mulibe. Mawuwo sanalembedwe paliponse, koma anali pamaso panga, m'Chichewa chomveka bwino.

Ndikuvomera kuti ndinapita kaye kukaima panja.

Nditabwerako ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerenga pulogalamu mzere ndi mzere, ndipo isanakwane nthawi ya nkhomaliro mfiti ndinaipeza. Inali ine.

Ndiloleni ndifotokoze, ndipo musathawe, si zovuta.

Tsamba lililonse la pa intaneti limakhala pa kompyuta ina imene timaitcha seva. Kale tsamba la rota linkayenda mwa njira yakale ija akatswiri amati CGI. Munthu akadina, seva inkadzutsa kapulogalamu, kankamutumikira munthu mmodziyo, kenako n'kufa. Wina akadina, kena katsopano kankabadwa. Zili ngati waganyu: wabwera, walima mizere yake, wapita, mawa sakukudziwa. Ubwino wake ndi woti sasunga kanthu, ndipo akalakwitsa, cholakwacho chimapita naye. Kuipa kwake ndi koti aliyense wobwera ayenera kuyamba wafunsa kumene kuli khasu. Lolemba m'mawa, antchito onse akatsegula rota nthawi imodzi, seva inkangoti wefuwefu, tsamba n'kumatenga nthawi yoti munthu atereke madzi a tiyi.

Chaka chatha ndinamunyengerera bwana wanga Fergal kuti tisiye za aganyuzi. Tinaika seva ya mtundu watsopano, yokhala ndi antchito asanu ndi atatu okhazikika, timapulogalamu tosafa. Amadzuka kamodzi n'kukhala ali maso, khasu lili m'manja. Munthu akadina, amene ali wopanda chochita ndiye amamutumikira, akamaliza n'kudikira wina. Tsamba linayamba kutseguka musanachotse chala. Madandaulo a Lolemba anatha. Fergal anandisisita pamsana, ndipo pa bolodi la mu ofesi anayamba kulemba masiku amene seva yatha osathimitsidwa. M'mawa uliwonse ankafufuta nambala ya dzulo n'kulemba yatsopano, nkhope ili mwee.

Chimene sindinachite ndi kuwerenga bwino pulogalamu yakaleyo ndisanaisamutse. Anailemba ndi munthu wina amene anachoka ine ndisanafike, ndipo sindinamufunefune kuti ndimufunse. Safunsa anadya phula.

Pulogalamuyo inkati: ngati munthuyu ali ndi uthenga, uike m'thumba, umuonetse, kenako uufufute m'nkhokwe. Koma munalibe mzere wonena kuti ukamaliza ukhutule thumbalo. Wolembayo akanaulemberanji? Waganyu wake ankafa ndi thumba lomwe. Ine ndinatenga malamulo a waganyu n'kupatsa munthu wokhazikika.

Ndiye zinayenda chonchi. Esinati analemba uthenga wake ali moyo. A Loveness atatsegula rota, wantchito wachisanu mwa asanu ndi atatu aja ndiye anawatumikira. Anaika uthengawo m'thumba, anawaonetsa, anaufufuta m'nkhokwe, koma m'thumba mwake unatsala. Palibenso uthenga wina umene unadzera kwa iye kuti ulowe m'malo mwake. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense amene wagwera kwa wachisanuyu ankaonetsedwa mawu a Esinati.

Aliyense, ndikutero. A ku Poland, a ku Philippines, a ku Nigeria, eni dziko omwe. Miyezi yonseyi akhala akuuona, ndipo palibe anadandaula, chifukwa ankayesa ndi chilankhulo cha makina. M'bungwe lonselo Chichewa ankachimva ndi anthu awiri, ndipo mmodzi ali m'manda.

Nditamufotokozera Fergal, anayamba waseka. Kenako anasiya.

"Ukanakhala uthenga wa nambala yotsegulira chitseko cha nkhalamba ina?" anandifunsa. "Kapena wa mankhwala?"

Yankho tonse tinkalidziwa.

"Konza, ndipo sevayo uithimitse n'kuiyatsanso," anatero. Kenako anayang'ana nambala yake ya pa bolodi ngati munthu woyang'ana mbuzi imene aipha mawa.

Apa ndi pamene ndikufuna tiime pang'ono, awerengi.

Mzinda uno ukuthamanga. Kulikonse kumene mungayang'ane kuli makina onyamula zitsulo m'mwamba, nyumba zikumera ngati bowa, ndipo aliyense akufuna chinthu chake dzulo. Ife a makompyuta tatengera zomwezo. Tikakumana timafunsana ziwiri zokha: seva yako ikuthamanga bwanji, ndipo yatha masiku angati osagona? Amene nambala yake ndi yaikulu ndiye dolo. Koma kwathu munthu amene watha miyezi isanu ndi iwiri osagona timamutcha dzina lina, ndipo ana timawaletsa kupita kwake.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti tibwerere kwa waganyu. Njira yatsopanoyi ndi yabwino, ndipo nditapatsidwanso mwayi ndingaisankhebe. Koma ndinkaganiza kuti kukhazikika kwa makina ndi kusafa, pamene njira yakale ija inali yodalirika chifukwa choti inkafa nthawi iliyonse. Inkayamba ndi manja oyera. Chinthu chimene sichifa chimasunga zonse, zabwino ndi zonyansa zomwe, chimatupa pang'onopang'ono, ndipo cholakwa chimodzi chimatha kukhala m'menemo miyezi chikupatsidwa kwa anthu osalakwa. Chotere chiyenera kuphunzitsidwa kuiwala, ndipo nthawi zina chiyenera kugonekedwa dala, chisanadwale. Kuthamanga sikufika.

Nanga ife? Ife a kunja kuno tasiyana nayo pati seva yangayi?

Kumudzi maliro ali ndi mapeto. Mumaika, mumagona pasiwa, mumameta, mumagawana zovala za malemu, akuluakulu n'kunena poyera kuti zatha, aliyense abwerere ku munda wake. Kuno bokosi timaliperekeza ku bwalo la ndege, kumalo kolowera katundu, ndipo masana omwewo tili pa ntchito. A Loveness sanathe kupita kumudzi chifukwa cha mapepala awo. Manda a mnzawo sanawaone. Palibe amene anawameta, palibe amene anawauza kuti zatha. Anangodzuka mawa lake n'kukasambitsa nkhalamba, mkuja chimodzimodzi, mpaka lero. Ndipo tikawaona timati ndi mayi wolimba, monga momwe Fergal amayamikirira nambala yake.

Ndi angati mwa ife amene akuyenda mu Dublin muno ndi thumba losakhutula?

Kukonza kwake kunali mzere umodzi wokha. Koma sindinafune kuthimitsa seva a Loveness asanaone ndi maso awo, chifukwa munthu wamantha sumuchiritsa pa foni. Lachitatu masana, pakati pa nyumba imodzi ndi inzake, anafika ku ofesi atavala yunifolomu. Ndinawajambulira timizere tozungulira tisanu ndi titatu papepala, toimira antchito a m'seva aja. Ndinawaonetsa kachisanu. Ndinadina pamaso pawo mpaka uthenga unabwera, ndinadinanso unachoka.

Anamvetsera zonse osandidula.

"Ndiye si iyeyo," anatero.

"Si iyeyo, achemwali. Ndi ine ndinalakwitsa. Pepani kwambiri."

Ndinkayembekezera kuti apuma mozama, mwina kundikalipira, ndipo ndinali wokonzeka kulandira. Koma anangoyang'ana kabokosiko.

"Tsiku limene anabweralo ndinali m'nyumba," anatero.

Iwo ndi Esinati anali atayambana pa nkhani ya shifiti ya pa Khrisimasi, kuti ndani anayenera kugwirira mnzake. Kankhani kopanda mutu. Esinati ndi amene anayamba kufewa, n'kukwera basi kupita kwa mnzake. Anagogoda katatu. A Loveness anamuona pakampata ka katani, ataima pamvula ndi jasi lake lobiriwira, ndipo anatsitsa wailesi n'kukhala phee mpaka anachoka. Mawa lake anapeza uthengawo pa rota. Anati amusiye kaye sabata imodzi, amve kuwawa. Sabatayo isanathe Esinati anali m'chipatala, osalankhula.

"Ine sindimaopa kuti andipha," anatero. "Esinati sangaphe ndi nkhuku yomwe. Ndimaopa kuti tsopano akudziwa kuti ndinalimo."

Apa maphunziro anga onse analibe ntchito.

"Mukathimitsa, message-yo ipita kuti?"

"Siipita kulikonse. Sinalembedwe pena paliponse, ili m'mutu mwa makinawa basi. Akagona, yatha. Koma ndingathe kukusindikizirani papepala."

"Pepala ndichite nalo chiyani? Mawuwo ndikuwadziwa." Anayang'ananso kabokosi kaja. "Simungangoisiya?"

Taonani zimene munthu amachita. Chinthu chimene chawasowetsa tulo, chimene chatsala pang'ono kuwachotsetsa ntchito, tsopano akuchipempherera. Koma ndinawamvetsa. M'dziko lonse lino, malo okhawo amene Esinati anali akadali kunena kuti abweranso anali m'thumba la wantchito wachisanu.

Ndinawauza kuti sindingathe. Thumba limene lasunga mawu a Esinati mawa lidzasunga chinsinsi cha nkhalamba ina n'kuchionetsa kwa mlendo. Ndipo iwo eni, uthengawo ulipo, rota sadzaitsegula.

"Ndikudziwa," anatero. "Ndiye ndiyankhe kaye."

Apa ndinachita chinthu chimene sichili m'buku lililonse la ntchito yanga. Pulogalamu silola kulembera munthu amene kulibe, choncho ndinabwezeretsa dzina la Esinati pa mndandanda wa antchito. Fergal anaona, anatsegula pakamwa, kenako anapita kukatereka tiyi amene palibe anamupempha. Ndinawapatsa a Loveness mpando wanga n'kukaima pazenera, nditawafulatira.

Amalemba ndi zala ziwiri. Ndinamva kudina kwawo kwa nthawi yaitali, kuima, kufufuta, kuyambanso.

"Thimitsani," anatero pomaliza.

Ndinaika mzere wanga uja, ndinagoneka antchito onse asanu ndi atatu, n'kuwadzutsanso. Sizinatenge ngakhale nthawi yomeza mate. Fergal anafufuta nambala yake ndi chikhatho n'kulemba ziro. A Loveness anadina okha, kakhumi, kakhumi kena. Kabokosi kanali koyera. Anaona kumene akupita Lachinayi, anakulemba padzanja ndi bolopeni, n'kuthamangira Luas.

Yankho lawo lidakali m'nkhokwe. Sindinaliwerenge. Pulogalamu imafufuta uthenga pokhapokha mwini wake atautsegula, ndipo uwu palibe adzautsegule. Ndiyenera kuuchotsa ndi dzanja langa pamodzi ndi dzina lija, ndipo ndikudziwa kuti ndiyenera. Mpaka pamene ndikulemba pano sindinatero. Inu mukanakhala ine, mukanayamba liti?

Lachinayi m'mawa, ndili pa basi yopita ku ntchito, foni inalira. Anali a Loveness, ali pakhomo pa agogo aja, nthawi yake yeniyeni.

"Ndatsegula rota," anatero. "Mulibe kanthu."

Ndinati ndiye zili bwino, ntchito yapulumuka.

"Mulibe kanthu, achimwene," anabwereza. "Sabweranso."

Ndipo anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa pamaliro, kotchula dzina, pakhomo la munthu, mu msewu wa ku Tallaght. Sindinawatonthoze. Ndinangogwira foni pakhutu mpaka basi inandipitiriza pamalo potsikira.